Ndagula Yamaha DT125 yakale pa okushoni: ndichotse pampu ya oyilo ndi kuikamo silinda ya 175?

Funso: Ndimakhala ku Dedza, ndipo ndagula Yamaha DT125 pa okushoni ya bungwe lina. Akuti inakhala zaka ziwiri osayenda. Imalira, koma m'mawa imavuta kuliza, imafuka utsi wambiri, ndipo pamtunda imafooka. Makaniko wanga akuti tichotse pampu ya oyilo ndizisakaniza oyiloyo m'thanki, tidule ekisozi, tiikemonso silinda ya DT175 kuti ikhale ndi mphamvu. Ndikufuna ndiziyendera kumunda komanso kutsika nayo kunyanja kudzera ku Golomoti kukatenga usipa. Ndimvere malangizo amenewa?

Yankho: Achimwene, pa zinthu zitatu zimene makaniko wanu wanenazo, ziwiri zikaneni lero lomwe, ndipo ndi kuchotsa pampu ndi kudula ekisozi. Za silinda ya 175 tikambirana kumapeto, chifukwa mwina pofika pamenepo simudzaifunanso. Njinga imene mwafotokozayi ikudwala. DT125 ikakhala bwinobwino imakwera mitunda ya ku Dedza, munthu ali pamwamba, thumba lili kumbuyo, popanda kudandaula. Ntchito yoyamba ndi kuibwezera mphamvu zimene inabadwa nazo.

Musanagule ngakhale pulagi, onani nambala ya injini ndi ya felemu ngati zikugwirizana ndi zolembedwa pa bulubuku, kenako mukasinthe umwini ku Road Traffic. Kumagalaja a mabungwe nthawi zina amaphatikiza njinga ziwiri zakufa kuti imodzi iyende, ndipo zimapweteka kuthira ndalama pa njinga imene mapepala ake akukanika.

Injini ya DT ndi ya two-stroke, imene ambiri amangoti ya 2T. Ilibe oyilo wokhala pansi pa injini wothira kiranki ngati mmene zilili njinga zambiri za kabaza. Petulo wosakanizika ndi mpweya amayamba walowa m'chipinda cha kiranki asanakwere pamwamba pa pisitoni, ndipo oyilo wa 2T amayenda naye limodzi, kunyowetsa mabeyaring'i ndi makoma a silinda, kenako n'kupsa. Choncho pali zinthu ziwiri zosunga moyo wa injini imeneyi: chipinda cha kiranki chisalowe mpweya wakuba, ndipo oyilo asaleke kufika ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Pampu imene akufuna kuchotsayo imatchedwa Autolube. Yamaha inayamba kuika pampu zotere pa njinga zake mu 1964, ndipo ndi chimodzi mwa zipangizo zimene sizifa wamba. Imazungulira ndi injini, komanso ili ndi kebulo yolumikizana ndi giya wa mafuta wa kudzanja. Mukakoka mafuta ambiri imathira oyilo wambiri. Mukatseka imachepetsa, koma siileka kuthira injini ikamazungulira. Tsopano taganizirani msewu wanu wa Khwekhwerere, wotsika kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti. Mumatsika mtunda wautali mafuta mutatseka, giya ili mkati, tayala lakumbuyo likuzungulitsa injini mwamphamvu. Ngati oyilo ali m'thanki, kutseka mafuta n'kutsekanso oyilo. Pisitoni imathamanga ili youma, ndipo ikagwira, tayala lakumbuyo limaloka muli pakona, phompho lili pambali. Pampu ikakhalapo, oyilo amafikabe. Kwa munthu woyenda msewu umenewu, chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira.

Palinso china. Tsiku limene mudzagule petulo wa m'botolo m'mbali mwa msewu, botolo la 2T mutaiwala kunyumba, mudzati ndingofika pafupi apa. Injini zambiri za 2T zimafera pa mawu amenewo.

Amakaniko amaopa pampu chifukwa ikasowa oyilo sichenjeza, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Mankhwala ake ndi kuisamala. Tsukani kathanki ka oyilo, sinthani timapaipi tonse tiwiri, kochokera ku kathanki ndi kopita ku injini. Pa pampu pali kasikuluwu kotulutsira mpweya: kamasuleni mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, kenako kamangeni. Onaninso kuti chizindikiro cha pa kawilo ka pampu chikukumana ndi kapini kake monga buku la njingayo likunenera, chifukwa kebulo ikakokedwa mopitirira, pampu imathira oyilo wambiri ndipo utsi umachuluka. Pa thanki yoyamba mukamaliza kukonza, thiranimo oyilo pang'ono m'petulo, muike chizindikiro pa kathanki, muyende, muone ngati oyilo akutsika. Akamatsika, pampu ili moyo.

Ikapezeka kuti inafadi ndipo ina ikusowa, pamenepo sakanizani, koma moyeza: mamililita 30 a 2T pa lita imodzi ya petulo, zomwe zili pafupi ndi muyezo wa 32 kwa 1. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Kabowo kamene kapaipi ka oyilo kamalowera katsekedwe bwino kuti kasayamwe mpweya, ndipo potsika phiri muzigwira kilatchi n'kumakoka mafuta pang'ono pafupipafupi.

Oyilo wake akhale 2T wa njinga, wolembedwa JASO FB, FC kapena FD pabotolo. Kunyanja mudzapeza 2T wa mainjini a maboti wolembedwa TC-W3, ndipo asodzi adzakuuzani kuti ndi chimodzimodzi. Ameneyo anapangira injini zozizira ndi madzi, pomwe yanu imazizira ndi mphepo ndipo imatentha kwambiri. Oyilo wa galimoto m'kathanki ka 2T, ayi.

Tibwere pa utsi. Njinga imene yakhala zaka ziwiri, choyamba kuganizira ndi masilo a kiranki, timphira totseka m'mbali mwa kiranki kuti mpweya ndi oyilo zisadutse. Alipo awiri, ndipo mphira wake umauma njinga ikangokhala. Ya kumanja, mbali ya kilatchi, ikatha injini imayamwa oyilo wa m'giyabokosi n'kumamuwotcha. Utsi wake umakhala woyera, wochindikala, wonunkha mosiyana ndi 2T, ndipo sutha ngakhale injini itatentha. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani oyilo watsopano m'giyabokosi pa mlingo wake, muyende masiku angapo, muyang'anenso. Ngati watsika koma pansi sipakudontha, wapsera mkati. Silo ya kumanzere, kuseri kwa magineto, ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa imalowetsa mpweya wopanda petulo. Mumazindikira injini ikamachedwa kutsika mawu mutatseka mafuta, kapena ikamakwera yokha. Ambiri amasangalala poti njinga yapepuka ndipo ikuthamanga, osadziwa kuti ikupsa mkati. Sinthani zonse ziwiri, ndipo gulani zenizeni. Pochotsa magineto pamafunika pula yake, chida chapadera chokokera. Makaniko akatenga hamala ndi chizulo, muletseni, adzakhotetsa kiranki.

M'giyabokosi mumalowa oyilo wochepa, woposa pang'ono theka la lita. Thirani 10W-30 kapena 10W-40 wa njinga wolembedwa JASO MA. Kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kutereza, injini kulira kwambiri njinga osapita. Kufooka kwa pamtunda kwinaku kumachokera pamenepa.

Kuvuta kuliza m'mawa nthawi zambiri ndi kabuleta. Petulo wakale akauma amasiya utomoni umene umatseka jeti yaing'ono, ija imadyetsa injini ikamalira payokha. Masulani kabuleta yonse, jeti zonse zinyikeni mu mankhwala otsukira kabuleta, muziuzire ndi mpweya mpaka kuwala kuoneke pabowo. Musalowetsemo singano kapena waya wa buleki, chifukwa bowo likakula pang'ono chabe njinga imayamba kumwa mafuta ndipo simudzaitchunanso bwino. Kasikuluwu ka mpweya kamangeni mofatsa mpaka kakhale, kenako kabwezeni kuzungulira kamodzi ndi theka. Muyambire pamenepo potchuna injini ili yotentha. Mukadali pomwepo onani mphira wolumikiza kabuleta ndi injini ngati wang'aluka, ndiponso timalilime ta reed valve, timene tili pakati pa kabuleta ndi silinda: mukayang'anitsa kudzuwa tisamaonetse mpata.

Koma kutsuka kabuleta thanki ili ndi dzimbiri n'kutaya nthawi, mawa idzatsekekanso. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo izi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amayamwa chinyezi, ndiye thanki ikakhala theka kwa nthawi yaitali madzi amakhala pansi n'kumadya chitsulo; amaumitsanso mapaipi akale a mphira. Chotsani thanki, thiranimo palafini ndi manati odzaza dzanja, muikhutchumule mpaka dzimbiri lichoke, muitsuke, iume. Werengani manatiwo polowetsa ndi potulutsa. Ikani paipi yatsopano ndi kafyuluta koonekera mkati pakati pa thanki ndi kabuleta. Pa zonse zowonjezera pa njinga yakale, palibe chotchipa ndi chothandiza kuposa kafyuluta kameneka, makamaka masiku amene mafuta akusowa ndipo tikudalira a m'zigubu.

Fyuluta ya mpweya ndi ya siponji, ndipo ya zaka ziwiri mwina ikufumbutuka kale. Gulani yeniyeni. Siponji ya matiresi imene ena amadula imaoneka yofanana, koma imasungunuka ndi petulo ndipo fumbi limadutsa. Yabwino muziichapa ndi palafini kenako sopo, iume, muinyowetse ndi oyilo, muifinye osaipotokola, ndipo m'mphepete mwake mupake girizi kuti fumbi lisazembere m'mbali. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pa misewu yafumbi ya kumunda, chitani zimenezi sabata iliyonse. Bokosi la fyulutayo lisachotsedwe ndipo lisaboolidwe.

Tsopano ekisozi. Pa injini ya 2T, chimimba chija cha pakatikati pa ekisozi chimagwira ntchito ngati mbali ya injini. Mawonekedwe ake anawerengedwa kuti funde la utsi lizibwerera kukakankhira petulo watsopano m'silinda khomo lisanatsekeke. Mukaidula mumapeza phokoso lambiri, mphamvu ya pansi imachepa, mafuta imamwa ambiri, ndipo apolisi a pamsewu amakudziwani kuchokera patali. Chimene ekisozi yanu ikufuna ndi kutsukidwa. Njinga yofuka utsi chonchi imadzaza mwaye wosakanizika ndi oyilo mpaka njira kuchepa, ndipo njinga yotsekeka ekisozi imalira bwino ikaima koma imakomoka pamtunda, monga mwanenera. Sololani kapaipi ka kumapeto kwa sailensa, mukapale ndi kuwotcha mwayewo, mupalenso pakhomo la utsi pa silinda ndi kamtengo kolimba kuti musakande chitsulo.

Ekisozi ikadali pansi, suzumirani pakhomo limenelo ndi tochi uku mukuzungulitsa injini pang'onopang'ono. Muona mbali ya pisitoni ndi maring'i. Ikakhala yosalala, mwina mwapulumuka. Ikakhala ndi mizere yoimirira yokandika, inagwirapo kale. Ngati makaniko ali ndi geji ya kompuresheni, yezani injini ili yotentha, mafuta mutatsegula onse: ikalephera kufika 100 psi ndiye kuti yatopa, ngakhale muyenera kukumbukira kuti ku Dedza geji imawerenga motsika poyerekeza ndi kuchigwa chifukwa mpweya ndi wopepuka.

Pakafunika kubowa, bowo la silinda ya DT125 ndi la mamilimita 56 m'lifupi, ndipo mapisitoni okulirapo amabwera motsatana: 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Musalumphe, tengani saizi yochepetsetsa imene ingachotse mizereyo, kuti mtsogolo mudzakhale ndi pobowanso. Yambani mwagula pisitoni, mupite nayo limodzi ndi silinda kwa wobowa, chifukwa amabowa motsatira pisitoni imene ili m'manja mwake, ndipo mpata wake ndi waung'ono kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.04. Muuzeni asalaze milomo ya makomo a m'silinda kuti maring'i asamakodwe. Pomanga, kamuvi ka pamutu pa pisitoni kaloze ku ekisozi, maring'i akhale pa timapini tawo, ndipo pini, kabeyaring'i kake ndi timakilipu tiwiri zikhale zatsopano. Kakilipu kakale kakamasuka kamawononga ntchito yonse. Silinda ili kunja choncho, gwirani konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki, muikoke m'mwamba ndi pansi: kugwedera m'mbali pang'ono n'kololedwa, koma ikamagogoda chokwera ndi chotsika, injini iyenera kutsegulidwa pakati. Mukamaliza, makilomita 500 oyamba yendani mofatsa, osanyamula katundu wolemera, osakhalitsa pa liwiro limodzi.

Pali nkhani ina imene imakhudza inu makamaka. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye njinga imakhala ngati ikulandira petulo wochuluka, ndipo amakaniko ena amachepetsa jeti yaikulu kuti ipepuke. Njinga yotchunidwa motero ikatsika ku Golomoti kapena ku Monkey Bay imapeza mpweya wambiri, petulo wochepa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo imagwira. Siyani jeti imene Yamaha inaika. Kuli bwino izilemera pang'ono kwanu kusiyana n'kukapsera kunyanja. Pulagi ndi imene ingakuuzeni zoona: mukayenda mtunda ndithu, izimitseni, muimasule. Nsonga yake ioneke ngati tiyi wamkaka. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, mafuta kapena oyilo wachuluka. Ikayera mbuu, imani, musapitirire. Pulagi yake nthawi zambiri ndi NGK B8ES kapena BR8ES, ndipo ina muziyenda nayo m'thumba pamodzi ndi sipanala yake.

Ndalama zimene mukanagulira silinda ya 175 zipite ku mabuleki ndi matayala. Injini ya 2T siigwira njinga kwenikweni potsika, ntchito yonse imagwera mabuleki, ndipo a dramu akatentha amafooka. Mashuzi akale achotseni ngakhale akuoneka onenepa, chifukwa guluu wake akakalamba chikopa chimamatuka n'kuloka wilo. Sinthani makebulo a buleki ndi kilatchi. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2316 ndi sabata ya 23 ya 2016. Tayala la zaka zoposa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, lokhala ndi ming'alu m'mbali, lisakunyengeni ndi mano ake. Kwezani wilo lililonse mulisunthe m'mbali kuti mumve mabeyaring'i, gogodani masipoko ndi sipanala mumve olira mosiyana ndi anzawo, onani ngati mafoloko akudontha komanso ngati chiwongolero chikukakamira pakati. Mabeyaring'i ali ndi nambala pambali pake. Ndi nambala imeneyo mungagule abwino kusitolo ya mabeyaring'i, osadikira olembedwa Yamaha.

Tcheni ndi masipuroketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi. Tcheni yatsopano pa mano akuthwa siikhalitsa. Yake ndi saizi 428, ndipo pomanga isiyeni izisewera pafupifupi masentimita 4, chifukwa shoko ikafinyika ndi katundu tcheni imakungika, ndipo yokungika kale imawononga beyaring'i ya giyabokosi. Apa m'pamene pali mphamvu yotchipa imene mukuifunayo. Mukachepetsa dzino limodzi pa sipuroketi yakutsogolo, tinene kuchoka pa 15 kufika 14, njinga imakoka kwambiri ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo liwiro la pamwamba limatsika ndi muyezo womwewo. Kwa munthu wokwera Khwekhwerere ali ndi matumba a usipa, kusinthanitsa kumeneku n'kopindulitsa, ndipo mukapanda kukonda mumangobwezera yakale.

Za magetsi, yambani mwaona ngati yanu ndi ya 6V kapena 12V, popeza DT zakale zambiri ndi za 6V. Tsukani malo onse amene waya wa efi (earth) amagwira felemu, ndipo musayende opanda batire kapena ndi reguleta yakufa, apo ayi mababu azingopsa. Nyali ya LED ndi chotchajira foni ndi zinthu zabwino kumudzi, koma zimafuna magetsi a 12V ochokera ku batire, pomwe nyali yakutsogolo ya njinga zambiri zoterezi imadya kuchokera ku magineto mwachindunji. Ntchito imeneyi ipatseni munthu wodziwa mawaya. Mukafuna kuwotcherera kaliya, chotsani thanki, batire ndi CDI (kabokosi kolamulira moto wa pulagi) kaye, ndipo kaliyayo isatalike kwambiri kumbuyo, chifukwa felemu ya kumchira imathyoka ndipo wilo lakutsogolo limapepuka pokwera.

Pa zipangizo, lamulo langa ndi ili: chilichonse chokhala mkati mwa injini, monga pisitoni, maring'i, masilo ndi mabeyaring'i a kiranki, gulani chenicheni ngakhale chikhale chodula. Magalasi, mahandulo, maindiketa ndi zivundikiro, zotchipa zilibe vuto. Popita kukagula ku Lilongwe kapena ku Limbe nyamulani chakalecho mufananize, chifukwa dzina lakuti DT125 lakhala pa njinga zosiyanasiyana kuyambira m'ma 1970, kuphatikizapo zozizira ndi madzi za ku Ulaya zimene zipangizo zake sizilowa pa yanu.

Nanga silinda ya 175? N'zoona kuti anthu amachita. DT175 ili ndi pisitoni ya mamilimita 66, yoyenda mtunda wofanana ndi ya 125, mamilimita 50, n'kupanga 171cc, ndipo n'chifukwa chake pa mitundu ina silindayo imakhala. Koma siibwera yokha. Imafuna hedi yake, pisitoni yake, jeti zina m'kabuleta, ndi pampu yotchunidwa kuti izipereka oyilo wokwanira. Ndipo mphamvu yowonjezerayo imagwera konirodi, mabeyaring'i ndi kilatchi zimene zatumikira kale zaka zambiri. Silinda zambiri zimene mungapeze pamsika ndi zakale zobowedwa mpaka kumapeto, kapena zongofanizira. Kumbali ya malamulo, laisensi ya A1 imathera pa 125cc, kupitirira apo pamafunika ya A, ndipo bulubuku ndi inshuwalansi yanu zikunena za njinga ya 125. Tsiku la ngozi zimenezi zimafunsidwa.

Ine ndikanakhala inu ndikanaikonza ikhale 125 yabwino, n'kuyenda nayo nyengo imodzi ya mvula. Ngati pambuyo pake mukuonabe kuti katundu wanu akuilemera, igulitseni ili bwino choncho, chifukwa DT yoyenda, ya mapepala olongosoka, siisowa wogula. Ndalamazo muwonjezere mugule DT175 yobadwa nayo, kapena Yamaha AG200, ya four-stroke ya 196cc, imene ili ndi tcheni yovindikira ndi makaliya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo potsika phiri injini yake imathandiza mabuleki kugwira.